Mpando wa Davide: Mafunso ndi Mayankho pa Ufumu wa Mesiya m'Mipingo ya ku Petauke ndi Nyimba

Mipingo ya m'maboma a Petauke ndi Nyimba, kuyambira Reformed Church in Zambia, imene mizu yake ili pa mishoni za Nyanje, Hofmeyr ndi Merwe, mpingo wa Katolika wa ku Minga, wa Anglican, wa Seventh-day Adventist, Mboni za Yehova, mpaka mipingo ya Chipentekoste imene yachuluka m'mphepete mwa msewu wa Great East, imagwirizana kuti Yesu wa ku Nazarete ndiye mfumu imene aneneri analonjeza kubanja la Davide. Imasiyana pa nthawi imene mfumuyo inakhala pampando, pa malo amene mpandowo uli, ndi pa zimene zatsala kuti lonjezo likwanire, ndipo kusiyana kumeneku kwakhala kukulamulira m'mene okhulupirira amaimira pamaso pa mafumu, zipani ndi boma.

Kodi ulosi wa ufumu wa Mesiya unachokera kuti?

Gwero lake ndi mutu 7 wa buku lachiwiri la Samueli, pamene mneneri Natani anauza Davide, amene ankalamulira ku Yerusalemu cha m'ma 1000 Khristu asanabadwe, kuti iye sadzamangira Mulungu kachisi koma Mulungu ndiye adzakhazikitsa banja lake, kuti mwana wake akadzalakwa adzakwapulidwa koma sadzatayidwa monga anatayidwira Sauli, ndiponso kuti mpando wa banjalo sudzatha. Mafumu a Israeli ankalongedwa ufumu powathira mafuta pamutu, n'chifukwa chake mfumu inkatchedwa wodzozedwa, m'Chihebri Mesiya, m'Chigiriki Khristu, ndipo poyamba dzinali linkanena za mfumu imene inali pampando tsiku limenelo, osati mpulumutsi wam'tsogolo. Masalimo 2, 72 ndi 110 anali nyimbo za kunyumba yachifumu, ngakhale kuti zimene ankalonjeza, monga ulamuliro wofika kumalekezero a dziko ndi chilungamo cha osauka onse, zinali zazikulu kuposa zimene mfumu iliyonse ya Yuda inakwanitsa.

Vuto linabuka mu 587 kapena 586 Khristu asanabadwe, pamene Nebukadinezara wa ku Babulo anawononga Yerusalemu, natentha kachisi, nakolowola maso a mfumu Zedekiya atamuphera ana ake pamaso pake. Salimo 89 limakumbutsa Mulungu lumbiro lake, kenaka n'kumudandaulira poyera kuti chisoti chachifumu chaponyedwa m'fumbi. Kuchokera apo, mawu a Yesaya 9 ndi 11, Mika 5, Yeremiya 23 ndi Ezekieli 37 anayamba kuwerengedwa ngati onena za Davide wina amene adzabwere. Cha m'ma 520 mneneri Hagai anaika chiyembekezo pa Zerubabele, mdzukulu wa mfumu Yekoniya, amene Aperisi anamuika kukhala bwanamkubwa wa Yuda, koma munthuyu anazimiririka m'mbiri asanavale chisoti.

Nanga Ayuda a m'nthawi ya Yesu ankayembekezera mfumu yotani?

Sankayembekezera chinthu chimodzi onse. Buku lotchedwa Masalimo a Solomoni, limene linalembedwa Pompey wa ku Roma atalanda Yerusalemu mu 63 Khristu asanabadwe, limapempha mwana wa Davide amene adzayeretsa mzindawo pochotsa olamulira achilendo, pamene ina mwa mipukutu ya ku Qumran imatchula odzozedwa awiri, wansembe ndi wachifumu. Chimene ambiri ankagwirizana n'chakuti ntchito ya mfumuyo idzaoneka ndi maso: adani adzagonja, obalalika adzabwerera kwawo, ndipo milandu ya amphawi idzaweruzidwa mosakondera.

Chipangano Chatsopano chimanena kuti lonjezo linakwaniritsidwa motani, popeza Yesu sanalamulire Yerusalemu?

Olemba Uthenga Wabwino sabisa kuti Yesu ankatchedwa mwana wa Davide, ndipo Luka 1 amaika lonjezo la mpando wa Davide pakamwa pa mngelo asanabadwe mwanayo. Pa mlungu wake womaliza Yesu analowa mu Yerusalemu atakwera bulu, chizindikiro chimene Mateyu ndi Yohane amachilumikiza ndi Zekariya 9, ndipo mlandu umene Aroma analemba pamwamba pa mtanda unali wakuti iye ndi mfumu ya Ayuda. Pamaso pa aliyense wa nthawi imeneyo, mtanda unali umboni wakuti munthuyu walephera, pakuti Aroma ankapachika akapolo ndi oukira boma.

Yankho la atumwi lagona pa kuuka kwa akufa. Mu Machitidwe 2, Petro akulongosola motere: Davide anafa ndipo manda ake alipo, choncho zimene analankhula za wosaona chivundi ndi za wokhala kudzanja lamanja la Mulungu sizinali za iye mwini, Mulungu anaukitsa Yesu namukweza, ndipo kukwezedwako ndiko kulongedwa ufumu kumene Davide analonjezedwa. Paulo akutsata njira yomweyo mu Machitidwe 13 pogwiritsa ntchito Salimo 2, ndipo mu Machitidwe 15 Yakobo akuwerenga ulosi wa Amosi wonena za kumangidwanso kwa msasa wakugwa wa Davide ngati chinthu chimene chikuchitika pamene anthu a mitundu ina akulowa mumpingo. Salimo 110 ndilo limatchulidwa kawirikawiri m'Chipangano Chatsopano kuposa masalimo ena onse, ndipo chifukwa chake n'choonekeratu: limanena za mfumu imene yakhala kale pampando adani ake asanagonje.

Kodi Yesu angakhale bwanji wa kubanja la Davide ngati Yosefe sanali bambo womubala?

Funso limeneli lili ndi kulemera kwapadera m'dziko la Ansenga, kumene ufumu, monga wa Kalindawalo ku Petauke kapena wa Ndake, Nyalugwe ndi Mwape ku Nyimba, umatsata mzere wa kuchikazi, kotero kuti wolowa m'malo mwa mfumu amachokera kwa abale ake a mimba imodzi kapena kwa ana a alongo ake, osati kwa ana ake obala. Mkhristu woleredwa m'chikhalidwe chimenechi akamva kuti Yesu anabadwa mwa namwali, amayang'ana kwa Mariya mwachibadwa, ndipo amadabwa kupeza kuti mindandanda yonse iwiri ya makolo, wa mu Mateyu 1 ndi wa mu Luka 3, imathera pa Yosefe.

Mindandanda iwiriyo siyofanana. Mateyu akudutsira mwa Solomoni ndi mafumu a Yuda, natchula Yakobo monga bambo wa Yosefe, pamene Luka akudutsira mwa Natani, mwana wina wa Davide amene sanalamulire, natchula Eli. M'zaka za m'ma 200, Julius Africanus anafotokoza kusiyanaku ndi mwambo wa chokolo wa mu Deuteronomo 25: Eli anamwalira wopanda mwana, m'bale wake Yakobo analowa chokolo nabala Yosefe, motero Yosefe anali mwana wa Yakobo mwa magazi ndi wa Eli mwa lamulo. Ena, makamaka kuyambira nthawi ya Kukonzanso Mpingo m'zaka za m'ma 1500, anaphunzitsa kuti Luka akupereka mzere wa Mariya, ndipo ganizo limeneli limawathandizanso kupewa temberero la mu Yeremiya 22 lakuti mbewu ya Yekoniya sidzakhalanso pampando wa Davide. Maganizo amenewa ndi okoma m'makutu a Msenga, koma mpofunika kunena poyera kuti Luka sanatchule Mariya m'mndandanda wake, ndipo mbale wa Mariya amene iye amamutchula, Elizabeti, anali wa kubanja la Aroni.

Akatswiri ambiri a masiku ano, monga Raymond Brown m'buku lake la 1977 lonena za kubadwa kwa Mesiya, amati mfundo ya Mateyu ndi yakuti Yosefe anamulandira mwanayo namutcha dzina, ndipo potero anamulowetsa m'banja la Davide mwalamulo. Apa mwambo wa Ansenga ukuunikira lembalo kuchokera mbali imene ambiri saiyembekezera, pakuti nakonso kuno magazi okha salonga munthu ufumu: pa ana ambiri a m'mbumba yachifumu, amalowa dzina ndi iye amene akuluakulu a banja amusankha namuvomereza pamaso pa anthu. Ndi bwinonso kukumbukira kuti mabuku a Mafumu, ngakhale amatsata mzere wa kuchimuna, amatchula dzina la mayi wa pafupifupi mfumu iliyonse ya Yuda, ndiponso kuti Mateyu analowetsa akazi asanu m'mndandanda wake, Tamara, Rahabu, Rute, mkazi wa Uriya ndi Mariya.

Ngati mfumu yamtendere inabwera kale, n'chifukwa chiyani nkhondo ndi njala zilipobe?

Ili ndilo funso lolimba koposa, ndipo Ayuda akhala akulifunsa kwa zaka pafupifupi 2,000. Maimonides, m'zaka za m'ma 1100, analemba kuti Mesiya adzadziwika pomanga kachisi ndi posonkhanitsa obalalika a Israeli, ndipo pa mtsutso wa ku Barcelona mu 1263 Nachmanides anauza mfumu ya Aragon kuti Yesaya analosera kutha kwa nkhondo, pamene dziko, kuphatikizapo la Akhristu, linali lodzala ndi kukhetsa mwazi. Anthu a ku Petauke safunika kuuzidwa kuti mtsutsowu uli ndi mphamvu, popeza kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 analandira anthu zikwizikwi othawa nkhondo ya ku Mozambique, amene anakhazikitsidwa ku Ukwimi. Mkhristu amene amayankha funso ili mopepuka sanamvetse kukula kwa zimene aneneri analonjeza.

Yankho la Reformed Church in Zambia, la Katolika ndi la Anglican ndi lakuti ufumu unayamba koma sunafike pachimake. Katekisima wa Heidelberg wa 1563, amene amishonale a Dutch Reformed anabwera naye atayamba ntchito ku Magwero mu 1899 ndi ku Nyanje mu 1905, amaphunzitsa kuti Yesu anadzozedwa kukhala mneneri, wansembe ndi mfumu, ndipo ufumu wake amaufotokoza ngati ntchito ya lero, yolamulira anthu ake ndi Mawu ndi Mzimu ndi kuwateteza. Katolika, m'chikalata cha Lumen Gentium cha 1964, amati mpingo ndi mbewu ndi chiyambi cha ufumuwo padziko, osati ufumu wonse, ndipo chaka cha mpingo chimatha ndi chikondwerero cha Khristu Mfumu, chimene Papa Pius XI anachikhazikitsa mu 1925 pofuna kukumbutsa maboma a ku Ulaya kuti ulamuliro wawo uli ndi malire. Zaka 1,000 za mu Chivumbulutso 20, mipingo imeneyi imazimva monga anazimvera Augustine, kuti ndi chiwerengero chophiphiritsa cha nyengo yonse ya pakati pa kubwera koyamba ndi kwachiwiri kwa Khristu.

Maziko a chiphunzitsochi m'malemba ndi olimba, pakuti 1 Akorinto 15 amanena kuti Khristu ayenera kulamulira kufikira adani onse atagonja, imfa ikhale yomaliza, ndipo Ahebri 2 amavomereza mosabisa kuti kugonja kwa zinthu zonse sikunaonekebe. Komabe chili ndi ngozi yake, yakuti mawu akuti ufumu wauzimu angasanduke pobisalira pa mlaliki amene safuna kukhudza mitengo imene alimi amagulitsira chimanga, thonje ndi mtedza, kapena kulandidwa kwa minda ya amasiye, pamene Salimo 72 limayeza mfumu ndi m'mene imapulumutsira wosauka wopanda womuthandiza.

Bwanji Akhristu ena amati mpando wa Davide ulibe woukhalapo mpaka lero?

Amenewa amatsata chiphunzitso chogawa mbiri ya chipulumutso m'nyengo zosiyanasiyana, chimene John Nelson Darby anachikonza m'zaka za m'ma 1800 ndipo Baibulo la Scofield la 1909 linachifalitsa, ndipo chalowa m'mipingo yambiri ya Chipentekoste ndi ina ya Baptist kudzera m'mabuku, wailesi ndi kanema. Iwo amasiyanitsa mpando wa Atate kumwamba, pamene Yesu wakhala tsopano, ndi mpando wa Davide, umene amati uli ku Yerusalemu wapadziko. Amati Yesu anapereka ufumu kwa Israeli, Israeli anaukana, ufumuwo unaimitsidwa kaye, ndipo udzakhazikitsidwa kwa zaka 1,000 zenizeni iye akadzabweranso. Amakumbutsa kuti mu Machitidwe 1, ophunzira atafunsa za kubwezeretsa ufumu kwa Israeli, Yesu anakana kutchula nthawi koma sanakane chinthucho, ndiponso kuti Justin Martyr ndi Irenaeus, m'zaka za m'ma 100, ankayembekezera ulamuliro wa Khristu padziko. Kukhazikitsidwa kwa dziko la Israeli mu 1948 amakuona ngati chizindikiro cha mapeto, ndipo ambiri a iwo anakondwera pamene Zambia inabwezeretsa ubale ndi Israeli mu 1991, ubale umene unadulidwa mu 1973. Mphamvu ya chiphunzitsochi ndi yakuti sichilola malonjezo okhudza nthaka ndi mtendere kusungunuka n'kukhala mafanizo chabe. Kufooka kwake n'kwakuti chimavutika kufotokoza ulaliki wa Petro mu Machitidwe 2, umene ukulumikiza lumbiro la kwa Davide ndi kuuka kwa Yesu m'mpweya umodzi.

Nanga zaka za 1844 ndi 1914 zikulowa bwanji m'nkhaniyi?

A Seventh-day Adventist anachokera m'gulu la William Miller, limene linayembekezera kubwera kwa Khristu pa 22 October 1844 powerenga masiku 2,300 a mu Danieli 8 ngati zaka. Tsikulo litadutsa, anafotokoza kuti Khristu anayamba gawo lomaliza la ntchito yake ya unsembe ndi ya chiweruzo m'kachisi wakumwamba. Amasiyanitsa ufumu wa chisomo, umene ulipo, ndi ufumu wa ulemerero, umene udzabwera pamene iye adzaonekera, ndipo amati zaka 1,000 oyera adzazithera kumwamba dziko lili bwinja.

Mboni za Yehova zimawerenga nthawi zisanu ndi ziwiri za mu Danieli 4 ngati zaka 2,520, kuyambira 607 Khristu asanabadwe, chaka chimene izo zimati Yerusalemu anagwa, ngakhale kuti akatswiri a mbiri amaika kugwako zaka 20 pambuyo pake, ndipo chiwerengerocho chimafika mu 1914. Zimaphunzitsa kuti m'chaka chimenecho Yesu analongedwa ufumu kumwamba mosaoneka, kuti ufumuwo ndi boma lenileni limene adzalamulira pamodzi ndi anthu 144,000, ndiponso kuti posachedwa lidzachotsa maboma onse a anthu. Zotsatira zake zinaoneka m'chigawo chino. Chifukwa chodziona kuti ndi nzika za boma limenelo, Mboni sizigula makhadi a chipani kapena kuchitira sawatcha mbendera. Mu 1967 khoti lalikulu la Zambia linagamula mlandu wa Kachasu mokomera boma pa nkhani ya ana a sukulu okana kuimba nyimbo ya fuko, m'chaka chomwecho Malawi inaletsa gululi, ndipo mu 1972 Mboni zikwi zambiri zinathawira ku Sinda Misale, m'chigawo cha Kum'mawa, kumene ambiri anafa ndi matenda asanabwezedwe kwawo. Munthu angatsutse masamu a 1914, ndipo zifukwa zowatsutsira zilipo zokwanira, koma sangakane kuti anthu amenewa anatenga ufumu wa Khristu ngati chinthu choyenera kutayira nyumba ndi minda.

Kodi analipo anthu m'dera lino amene anadzitengera okha udindo wa Mesiya?

Nkhani yodziwika koposa inachitikira kutsidya kwa Luangwa, pakati pa Alala, amene ndi abale a Aambo a kwa mfumu Luembe ku Nyimba. Mbewu yake inachokera ku Nyasaland, kumene Elliot Kamwana, ataphunzira chiphunzitso cha Watch Tower kwa Joseph Booth ku Cape Town, anabatiza anthu pafupifupi 10,000 ku Nkhata Bay mu 1908 ndi 1909 polalikira kuti mu 1914 ufumu watsopano udzathetsa msonkho ndi ulamuliro wa azungu, mpaka boma linamuthamangitsa. Uthengawo unayenda ndi anthu opita kumigodi, nusanduka timagulu ta Chitawala todziimira patokha, timene bungwe la Watch Tower la Mboni za Yehova linadzatikana. Mu 1925 Tomo Nyirenda, amene anaphunzirapo ku Livingstonia, anayamba kubatiza m'dera la Mkushi, natchedwa Mwana Lesa, kutanthauza Mwana wa Mulungu, ndipo mothandizidwa ndi mfumu Shaiwila anasandutsa ubatizo kukhala njira yogwirira mfiti, oganiziridwawo n'kumizidwa m'madzi mpaka kufa. Anapitiriza kupha anthu ku Katanga, anagwidwa, ndipo ananyongedwa ku Broken Hill, kumene lero ndi Kabwe, mu 1926.

Anthu amene anamutsata sanali opusa. Ankafuna chimene Yesaya 11 amalonjeza, dziko loyeretsedwa ku zoipa, ndipo ankachifuna msanga chifukwa msonkho, matenda ndi imfa zosamvetsetseka zinawapanikiza. Cholakwa chinali kupereka m'manja mwa munthu chiweruzo chimene Chipangano Chatsopano chimachisungira tsiku lomaliza, monga fanizo la tirigu ndi namsongole mu Mateyu 13 limaletsera antchito kuzula nyengo yokolola isanakwane. Malinga ngati nkhalamba zikunamiziridwabe ufiti m'midzi, ndipo aneneri ena akudzitamandira kuti amaona mfiti, mbiri imeneyi iyenera kuphunzitsidwa m'makalasi a ubatizo.

Kodi kulengezedwa kwa Zambia kukhala dziko lachikhristu ndi mbali ya kukwaniritsidwa kwa ulosiwu?

Pa 29 December 1991 Pulezidenti Frederick Chiluba analengeza ku State House kuti Zambia ndi dziko lachikhristu, m'mwambo wofanana ndi pangano limene mfumu Yosiya inachita mu 2 Mafumu 23, ndipo mu 1996 mawuwo analowa m'mawu oyamba a malamulo aakulu a dziko, m'mene anasungidwanso pa kusintha kwa 2016. Akhristu ambiri a Chipentekoste anakuona ngati kugonjera kwa fuko lonse kwa Khristu Mfumu, mogwirizana ndi chenjezo la Salimo 2 kwa olamulira a dziko. Maepiskopi a Katolika ndi bungwe la Christian Council of Zambia, m'mene Reformed Church in Zambia inali membala, anadandaula kuti sanafunsidwe, ndipo anakumbutsa kuti chikhristu cha dziko chimaoneka pa m'mene osauka akusamalidwira.

Pa nkhani ya ulosi weniweniwo, palibe mpingo waukulu umene umaphunzitsa kuti lonjezo la mu 2 Samueli 7 linapatsidwa kwa pulezidenti kapena kwa fuko lina lililonse kupatula banja la Davide, ndipo mlaliki amene amatcha wandale wodzozedwa wa Ambuye, naletsa anthu kumudzudzula potengera nkhani ya Davide ndi Sauli m'phanga, akubwereka ulemu wa Mesiya n'kuupereka kwa munthu amene malamulo a dziko amalola kumuchotsa ndi voti patatha zaka 5. Amaiwalanso kuti Natani, amene anabweretsa lonjezo la mpando wosatha, ndi yemweyo anabwerera kwa Davide m'mutu 12 kudzamuimba mlandu wa magazi a Uriya. Mafumu a Ansenga, amene ambiri mwa iwo ndi Akhristu ndipo amatsogolera mwambo wa Tuwimba mvula isanagwe, ali ndi mafunso awoawo okhudza malire a pakati pa mpando wa makolo ndi guwa la mpingo, ndipo Katolika, Reformed ndi Apentekoste amawayankha mosiyana, ena polola Mkhristu kukaonerera ndi kuthokoza, ena pomuletsa kufika pamene nsembe ikuthiridwa.